Mgolo wa Vinyo Umene Unasamutsa Amalume

Ndikukumbukira kasitolo ka vinyo kamene bambo ankayang'anira pakati pa minda ya tiyi ku Thyolo, nthawi ya atsamunda. Mwini wake, mzungu wokhala ku Limbe, ankangobwera mwa apo ndi apo, ndipo ogula anali azungu a m'maesiteti. Kuchipinda chakuseri kunali mdima, chinyezi ndi kafungo kowawasa ka migolo yamatabwa. Bambo ankapisa kandodo mumgolo. Kakanyowa kunsonga kokha, ankatumiza mawu kuti vinyo wina abwere pa sitima ya ku Luchenza.

Chaka china mgolo umodzi unayamba kutsika msanga kuposa mmene ankagulitsira. Mzungu uja sanapite m'mbali: ukatsikanso, ntchito yatha. Bambo, mkulu wa mpingo amene sanalawepo ndi dontho lomwe, anasanduka wapolisi. M'mawa uliwonse ankanunkhiza pakamwa pa mlonda, pa woyendetsa ngolo, ngakhale pa ine kamtsikana kongowabweretsera phala.

Diso lawo linakhazikika pa amalume, mlongo wawo wa amayi, amene ankakhala kwathu n'kumathandiza kunyamula katundu. Amalumewo ankakonda kutafuna anyezi wamuwisi, ndipo kwa bambo umenewo unali umboni wokwanira. Akaseka, ndiye kuti aledzera; akakhala chete, akubisa fungo. Nanenso ndinayamba kuwayang'anitsitsa kayendedwe, ndikudikira kuti adzandire. Tsiku lina anamanga kamtolo kawo n'kubwerera kumudzi ku Goliati osatsanzika, amayi akulira kuseri kwa nyumba.

Koma vinyo anapitirirabe kutsika. Ndi ukali bambo anagubuduza mgolowo, ndipo pansi pake panali dothi lonyowa, lonunkha vinyo, chiswe chili nyakanyaka. Chinali chitaboola thabwa la pansi.

Ntchito inapulumuka. Lamulungu lotsatira bambo anayenda wapansi mpaka ku Goliati, ine ndili pambuyo. Amalume anatiyalira mphasa.

"Alamu, ndinakulakwirani," anatero bambo, chipewa chili m'manja.

"Palibe kanthu, alamu," anayankha amalume. "Ndimayesa mwabwera kudzanunkhizanso."

Amalume anaseka okha. Kwathu sanapondekonso.

Masiku ano vinyo amabwera m'makatoni, makina ndiwo amauza mwini sitolo kuti aitanitse wina, ndipo makamera ali pangodya iliyonse. Koma chinthu chikasowa pakhomo, maso amathamangirabe kwa m'bale amene tikumusunga. Zimandiwawa mpaka lero.