Rashidi ndi Mpira wa Dzira

Rashidi sankadziwa kukhala pansi. Akabwera kwathu ku Silver Spring ankaima pakhomo makiyi ali m'manja, kenako n'kupita pawindo, kenako n'kutsegula firiji ngati ndi m'nyumba mwake, n'kutsekanso osatengamo kanthu. Ine ndinkangomuyang'ana. Ndinabwera kuno nditakalamba kale, kudzakhala ndi mwana wanga Aleke, amene ndi namwino, ndipo ntchito imene inanditsalira ndi kuyang'ana anthu.

Kwawo kwa Rashidi ndi ku Ntaja. Atafika ku America anagwira ntchito zosawerengeka. Ananyamulapo makatoni ku Landover, analonderapo magalimoto pa bwalo la masewero, anatsukapo mbale, anayendetsaponso takisi ya mnzake Sheriff mpaka anakangana. Palibe pamene anakhalitsa. Mkazi wake Ashura ankati, "Bambo a kwathuwa amangozungulira ngati nkhuku yofuna poikira."

Aleke ndiye anamupezera ntchito yosamalira a Brennan ku Gaithersburg. Anali mkulu wa ku Australia amene anagwira ntchito za sayansi kuno mpaka kupuma, kenako anadwala n'kufa mbali imodzi ya thupi. Ankafuna wowasambitsa, wowadyetsa ndi wowanyamula kuchoka pabedi kupita pampando. Tonse tinati Rashidi sakwanitsa mwezi. Zaka zinadutsa ali komweko.

Chimene chinamugwira ndi mpira. Osati mpira wathuwu. A Brennan ankakonda mpira wa kwawo, wooneka ngati dzira, umene amasewera pa bwalo lozungulira, lalikulu ngati munda wa pa esiteti. Osewera ake amavala malaya opanda manja, popatsirana amaumenya ndi chibakera, ndipo powakha amakwerana pamsana. Mitengo ya golo ndi inayi mbali iliyonse. Mpira ukadutsa pakati ndi mapointi sikisi, ukadutsa cham'mbali amakupatsa imodzi.

"Madala, munaonapo mpira wachifundo chonchi?" ankatero Rashidi. "Ngakhale uphonye, amakupatsabe kangachepe ka panjira."

Timu yawo inali ya mumzinda wa Melbourne. Dzina lake limandivuta lilime, ndipo tonse tinkangoti timu ya Rashidi. Chikho inatenga komaliza a Brennan asanakwatire. Mlongo wawo kumeneko ankajambula masewero onse pa TV n'kutumiza tepi pa positi, ndipo inkafika masewerowo atatha kalekale. Choncho m'nyumbamo munali lamulo: palibe kudziwa zotsatira tepi isanalowe m'makina. Foni ikachokera ku Australia, mawu oyamba a a Brennan ankakhala akuti, "Za mpira ayi." Tepi ikafika ankakhala awiriwiri, sikafu ya timu ili m'khosi, kukuwa ndi kulangiza osewera ngati akuwamva.

Chaka china timuyo inathera pansi penipeni. Kumeneko timu yomaliza amati yatenga chipande. Rashidi analakwitsa kutiuza zimenezi. Pa phwando la Idi kunyumba kwa Sheriff, anthu atakhuta, mwini nyumba anaimirira ndi kanthu kokutidwa ndi pepala lowala.

"Achimwene a Rashidi, chikho chanu chafika pa ndege."

Munali chipande cha kukhitchini. Anthu anagwa nazo, ngakhale Ashura anabisa nkhope mu mpango. Rashidi anachilandira ndi manja awiri ngati mphatso ya apongozi.

"Sekani," anatero. "Kumeneko womaliza ndiye amayamba kusankha anyamata atsopano. Ife tasankha kale. Mwana wa kumudzi, wamtali ngati nsungwi. Akadumpha akhoza kutsitsa babu ili ndi mano. Chaka chikubwerachi mutiona."

"Chaka chatha munateronso," anatero Sheriff.

"Chaka chatha tinalibe Nsungwi."

"Munamuonapo akusewera?"

"Ndinaona chithunzi chake m'nyuzipepala."

"Ine ndinaona chithunzi cha mkazi wanga ndisanamukwatire," anatero Sheriff, "ndiye taonani mmene ndaondera." Mkazi wake anamuponyera nsalu yopukutira mbale.

Sizoni ya kumeneko imayamba kumapeto kwa Malichi n'kutha mu Sepitembala. Isanayambe panali dzinja la kuno, nyengo ya chisanu, ndipo dzinja limenelo linawavuta a Brennan. Anayamba kukana chakudya. Supuni ikafika pakamwa ankatembenukira kukhoma. Mwana wawo wamkazi, amene ankakhala kutali n'kumabwera mwa apo ndi apo, anaona mmene aondera ndipo ananena mosabisa kuti akapitiriza kukana kudya awachotsa m'nyumbamo n'kuwapititsa kosungirako okalamba. A Brennan anali atanena kale kuti kumeneko akangofikako basi, akatseka maso. Rashidi ankadziwa kuti sankanena zocheza.

Ndiye anayamba kuwadyetsa ndi Nsungwi. Ankandifotokozera yekha, akuyendayenda pabalaza pathu.

"Ndimati, bwana, mukufuna Nsungwi akayambe inu mulibe mphamvu yokuwira? Atsegula pakamwa. Ndimati, kochi akamuika pakati kapena kutsogolo? Akamayankha, supuni ina yalowa. Dzulo tinamaliza mbale yonse pokangana za amene akhale kaputeni."

"Iwe ukukhulupirira kuti apambana?" ndinamufunsa.

Anaima. Sizinkachitika kawirikawiri.

"Madala, pa matimu eyiti oyamba, okalimbirana chikho, tikhalapo. Chikho mwina chaka chinacho. Koma pa eyiti, ndithu."

Anali asanapondeko ku Australia. Bwalo limenelo ankalidziwa pa galasi la TV pokha. Koma ankati "ife" ngati anabadwira kuseri kwa golo.

Miyezi imeneyo Rashidi anaonda kuposa wodwala wake. Ankaimbira Aleke kufunsa za phala lopatsa mphamvu, n'kuthera pa nkhani ya miyendo ya Nsungwi. Ku mzikiti, Sheriff ankati, anthu anayamba kumuthawa akatuluka. Ashura anandiuza pa foni kuti amadzuka m'mawa n'kuyamba kutchula mayina a osewera ngati akuwerenga mbuzi.

Tepi yoyamba inafika mu Epulo. Tsiku lomwelo makina a a Brennan anafa. Anali atawatopetsa dzinja lonse ndi matepi akale. Kugula ena pa sitolo sikukanathandiza, chifukwa makina a kuno sawerenga tepi ya ku Australia, monganso sawerenga ya ku Malawi: chithunzi chimangogudubuzika. Koma ife tinali ndi makina owerenga zonse, amene Aleke anagula kuti tizionera maukwati ndi maliro a kumudzi. Rashidi anafika masana, thukuta lili pamphumi ngakhale kunja kunkazizira, atasiya a Brennan ndi mayi wina woyandikana nawo.

"Aleke ali ku shifiti," ndinatero. "Makina awa salola kuti atuluke."

"Ndingoyesa kaye, madala. Ndione ngati ikuwerenga."

Anaika tepi. Chithunzi chinabwera bwinobwino, udzu wobiriwira, anthu odzaza bwalo, mbendera. Pamenepo akanaitulutsa. Koma chala chake sichinkadziwa kudikira, monga mwini wake. Anadina pothamangitsa, akuti angoona nkhope ya Nsungwi, kamodzi kokha. Tianthu tinathamanga pagalasi ngati nyerere. Atasiya kudina, masewero anali ataima. Mnyamata wamtali anali chigonere pakati pa bwalo atagwira bondo, ndipo anthu ankabwera ndi machira.

Rashidi anazimitsa TV. Anakhala pansi, pa kapeti penipeni.

"Ndi iyeyo?" ndinafunsa.

Anavomera ndi mutu.

Basi inadutsa pansi pa windo. Kenako anadzuka n'kuyambanso kuzungulira.

"Ndikawauza kuti tepi yafika yoduka. Kapena kuti makina anu akana. Ndikawaikira ina yakale, ya chaka chimene tinapambana kanayi kotsatizana."

"Nanga ya sabata yamawa?"

"Idzadukanso."

"Zidzaduka mpaka Sepitembala?"

Rashidi anatsegula firiji, anatseka.

"Madala, munthu uja akudya chifukwa cha mwana ameneyu. Akaona machira aja, mbale ija ndikayambira pati?"

Ine si wodziwa zolangiza. Ndinangoti, "Tepi ndi yawo." Kenako ndinapita kukavala jekete, chifukwa makinawo akatuluka okha Aleke akanandidya wamoyo, koma akatuluka ndi ine ndiye kuti ndangopita nawo kokayenda.

Tinayenda pa galimoto yake yakale, makina ali pamiyendo panga. Njira yonse ankasintha wailesi, kutsegula windo, kutseka. Pa maloboti ankagogoda chiwongolero.

A Brennan ndinawaona koyamba tsiku limenelo. Anali munthu wamtali amene anatsala mafupa, atakhala pampando wa matayala kuyang'ana TV yozimitsa, sikafu ili kale m'khosi. Pakatebulo panali mbale ya supu imene inali itazizira. Rashidi anandionetsa kwa iwo, ndipo iwo anandipatsa moni ndi dzanja lamanzere, maso ali pa makina.

Rashidi analumikiza zingwe mochedwa kwambiri. Chingwe chimodzi anachizula n'kuchibwezera kangapo.

"Rashidi," anatero a Brennan. Mawu awo ankatuluka mbali imodzi ya pakamwa, koma ankamveka. "Wavala sikafu yako?"

"Ndaiwala, bwana."

"Sunaiwalepo. Tandiyang'ana."

Rashidi anayang'ana zingwe.

"Waonera."

"Pang'ono pokha, bwana. Poyesa."

"Usanene kanthu. Ukatsegula pakamwa ndikuchotsa ntchito. Ika."

Lipenga la pa bwalo linalira. Woimbira anamenyetsa mpira pansi, unadumpha m'mwamba, ndipo Nsungwi anaufikira asanaufikire wina aliyense. A Brennan anamenya mkono wa mpando. "Wamuona? Wamuona mwanayo?" Rashidi anali ataima kuseri kwawo, manja ali m'thumba, akuyang'ana denga. Mnyamatayo anawakhanso wina pamwamba pa anthu atatu. Ine amene sindidziwa mpirawu ndinaona kuti ndi wodziwa.

Kenako pa kudumpha kwina anatera ndi mwendo umodzi, bondo linapindikira kumene silipindikira, ndipo sanadzukenso.

Machira analowa, machira anatuluka. Ndinayang'ana dzanja la a Brennan, limene limagwira ntchito lija. Linali litakunga chibakera.

"Chitsiru," anatero pansipansi. Kenako mokweza: "Chitsiru cha kochi! Mwana wa dzulodzulo ukumuika pakati kuti alimbane ndi chimphona chija? Ndinanena ine! Rashidi, sindinanene kuti amuike kutsogolo?"

"Munanena, bwana."

"Iwe unkati pakati."

"Ndinkati pakati."

"Ndiye ndiwe chitsiru chachiwiri."

Sanalole kuti tepi iime. Timu ya Rashidi inakwapulidwa koopsa. A Brennan anatukwana kochi, anatukwana woimbira, anatukwana akuluakulu a timu, ena amene ndikuganiza kuti anamwalira kale. Nkhope yawo inafiira. Penapake anatsamwa ndi malovu, Rashidi n'kuwasisita pamsana, iwo osasiya kuloza TV. Chakumapeto kamnyamata kena kakafupi, ka tsitsi lofiira, kanalanda mpira n'kuthamanga nawo, kanaugunditsa pansi kawiri, kanamenya pakati pa mitengo.

"Ameneyo ndani?"

"Sindikumudziwa, bwana. Nambala yake ndi yachilendo."

"Bweza."

Rashidi anabweza. Anaonera kachiwiri, kachitatu.

"Ali ndi miyendo," anatero a Brennan. "Akamusiya kumbali uko, osamuononga ngati mnzakeyu." Anapuma movutikira. "Pa eyiti ndiye tayiwala. Koma chipande chaka chino sititenga. Ukamuimbire mlongo wanga, umufunse dzina la mwanayo. Za mpira wa sabata ino asanene."

Rashidi anatenga mbale ija n'kupita nayo kukhitchini. Ndinamva akuitenthetsa. Atabwera nayo sananene za Nsungwi. Anangokhala pambali pawo n'kutunga supuni. A Brennan anaiyang'ana nthawi yaitali.

"Mchere mulibe," anatero, asanalawe n'komwe.

"Dokotala anakana mchere."

"Dokotalayo ndi wa timu ya kochi."

Anatsegula pakamwa. Sanamalize mbale, anafika chapakati n'kutembenuza mutu. Rashidi sanakakamize. Anawapukuta pachibwano.

Pondiperekeza kugalimoto anayenda patsogolo panga, n'kubwerera, n'kupitanso patsogolo.

"Theka, madala. Mwaona nokha. Mwana wawo akabwera Loweruka mudzandichitire umboni."

"Ndaona theka."

"Mawa mwina akananso."

"Mwina."

Anaima pa chitseko cha galimoto, akuyang'ana windo la nyumbayo, mmene munkaonekabe kuwala kwa TV. A Brennan anali atapempha kuti tepi iyambirenso.

"Makina aja, madala," anatero. "Tepi ina ifika sabata yamawa."

"Ndikudziwa."

"Aleke mukamuuza chiyani?"

Ndinalowa m'galimoto n'kuika manja pamiyendo popanda kanthu. Njira yonse yobwerera ku Silver Spring iye ankafotokoza za kamnyamata ka tsitsi lofiira, kuti mwina kakhoza kusewera pakati, ine ndikukonza mawu okamuuza mwana wanga kuti maukwati a kumudzi adikire mpaka Sepitembala.