Kakhadi ka Tadala

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa ndi simenti ya m'galaja momwe tinagona pa maliro a achemwali anga, a Esinati. Amayi ena anali akuimbabe chapansipansi, mawu atasasa. Mwini nyumba ku Parow kuja, kudziko la eni, anali atatichenjeza kuti oyandikana naye sakonda phokoso, ndiye ngakhale kulira tinkalira mobisa.

Kutumiza thupi kumudzi kunatikanika. Amayi athu ku Ntcheu anavomera movutikira, koma anandipempha chinthu chimodzi pa foni: ndipeze kanthu kopangidwa ndi manja a malemu, nditumizire mwana wawo Tadala, yemwe anamusiya akukwawa ndipo tsopano anali pasukulu. Ndinayankha kuti zimenezo n'zosavuta. Achemwali ankapanga timakhadi tokongoletsa, tochepa kuposa chikhatho. Lamlungu masana ankakumana ndi anzawo ogwira ntchito za m'nyumba, n'kumadula makatoni a tiyi, kumatapo tizigamba ta zitenje, mikanda, ulusi, ngakhale matikiti a sitima. Lamulo lawo linali loti kakhadi sikagulitsidwa ndiponso sikaperekedwa ulele. Upereke kako, ulandire ka mnzako. Ine ndinkawaseka kuti akuluakulu abwerera kusukulu ya mkombaphala.

Kunja kutayera ndinatsegula chitini cha mabisiketi momwe ankasungamo timakhadito. Chinali chodzaza. Ndinatembenuza kamodzikamodzi, pakuti wopanga amalemba dzina lake kumbuyo. Munali mayina achiyao, achitumbuka, ngakhale achixhosa, koma la Esinati munalibe. Tawo tonse anali atasinthanitsa. Ndinadzilimbitsa mtima kuti anzawowo abwera, ndiwapempha tikabwerako kumanda.

Unali mwezi wa Juni, mvula yowaza ija yosatha, ndi mphepo yolowa mpaka m'mafupa. Moto wa nkhuni anatiletsa. Amayi anaphikira pa mbaula za gasi kuseri kwa nyumba, abambo awiri atagwira lata kutchinga mphepo. Anthu anayamba kufika pa minibasi, ena kuchokera kudera la zisakasa la Imizamo Yethu, ena kumasaluni, ena akadali m'yunifolomu ya kuntchito. Amayi a mvano anakhala mbali imodzi, amayi achisilamu mbali ina, koma kuzizira kutanyanya onse anafunda mabulangete omwewo.

Paulendo wa kumanda ku Maitland palibe anatipatukira. Magalimoto ankatiimbira mahutala, ena kulowa pakati pa mdipiti wathu. Kwathu munthu amatsika panjinga maliro akamadutsa. Dzenje tinalipeza lokumbidwa kale ndi makina, pansi pali madzi, ndipo wantchito wa pamandapo ankangoyang'ana wotchi chifukwa maliro ena anali kudikira.

Bokosi litatsitsidwa, anzawo a malemu aja anandanda pamzere. Wamkulu wawo anatulutsa kakhadi m'chikwama, nati: "Esinati, ntchito ya manja ako ikuperekeze." Anakaponya m'dzenje. Wachiwiri anachita chimodzimodzi. Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti aliyense wabweretsa kakhadi kamene analandira kwa achemwali, ndipo anapangana kuwabwezera. Ndinakuwa kuti dikirani, koma nyimbo inali itakwera. Amayi awiri anandigwira mwamphamvu m'mapewa poganiza kuti ndikufuna kudziponya m'dzenje. Ndinaona timakhadito tikugwera pabokosi, tina m'madzi, mchenga n'kutikwirira. Ndinalira kuposa mmene ndinalirira tsiku limene anamwalira, ndipo ndinakwiya ndi anthu amene sanalakwe chilichonse.

Tinabwerera, tinasamba m'manja pageti, anthu anadya mpunga ataimirira n'kuthamangira sitima. Pofika madzulo m'nyumba munatsala mipando yobwereka ndi matope pansi.

Ndikukolopa, panafika mayi wina wa m'gulu la timakhadi lija atanyoweratu. Abwana ake anakana kumumasula m'mawa. Anakhala pansi n'kuyamba kulira kuti anzake onse aperekeza, iye yekha watsala ndi kakhadi ka malemu. Anakatulutsa m'kapulasitiki. Panali kanyumba ka chitenje chobiriwira, chitseko cha mikanda yofiira, ndipo kumbuyo kunali dzina la achemwali.

"Asisi, ndipatseni," ndinatero. "N'ka mwana wawo."

Anakakumbatira pachifuwa. "Pepani sisi, ka ulele ayi. Rule ndi rule, malemu akanandikalipira. Pangani kanu, ine ndidikira."

Ndinafuna kumutukwana. M'malo mwake ndinang'amba katoni ya tiyi amene anatsala pamaliro, ndinadula kansonga ka mpango wakuda umene ndinavala, n'kumata ndi guluu wa achemwali. Kanatuluka kokhota, guluu ali mbwee m'mbali. Anandikumbutsa kulemba dzina kumbuyo. Anakalandira ndi manja awiri, anandipatsa kanyumba kaja, n'kutuluka kukasaka minibasi yomaliza.

M'nyumba munati zii, mvula yokha padenga. Ndinakhala pabedi la achemwali kakhadi kali m'manja, ndikusisita mikanda ndi chala. Mawa lake kunali munthu wonyamuka pa basi kupita kumudzi, ndipo ndinali nditalonjeza amayi. Kakhadi kanali kamodzi, ife okafuna tinali awiri, ine ndi Tadala, ndipo wamkulu ndinali ine.