Chifukwa chake ndimaberekera Tiza kutsogolo

Lachiwiri ndinalira m'minibasi. Inde, ine ndemwe, pamaso pa anthu, pakati pa Kabwata ndi tauni.

Ndinkapita kukagula matewera, mwana wanga Tiza nditam'manga pachifuwa ndi chitenge, monga ndachitira chibadwire chake. Pambali panga panakhala mayi wina wathupi, fungo la nsomba zouma lili thoo, amene ankauza aliyense kuti akupita ku siteshoni ya mabasi ya Intercity kukalandira katundu wake wochokera ku Luapula. Anandiyang'ana ine, anayang'ana mwana.

"Iwe, ni fashoni ya kuti iyi? Mwana ni ku msana! Kapena uganiza uli ku Kabulonga kwa bolemela?"

Basi yonse kuseka. Kondakitala naye osafuna kutsala: "Basiyeni ba mami, aba ni bazimai ba pa foni!"

Ndinafuna kuseka nawo. Koma pakamwa panga panatuluka zina. "Nikamuika kumbuyo, sinizaona ngati apuma."

Basi, misozi.

Anzanga, ndikuuzeni zoona. Kuyambira tsiku limene ndinatuluka naye m'chipatala, mtima wanga sunakhalepo pansi. Ndikutsuka mbale, ndathamanga, chala pamphuno pake. Ndikuyanika zovala, ndathamanganso. Akagona kwambiri ndimam'dzutsa dala kuti alire, ndimve. Pa foni ndinaona kavidiyo ka ana amene amangogona osadzukanso, ndiye ndinafufuza kena, kenanso, mpaka manja thukuta, mtima gu gu gu, chakudya osalowa.

Ndipo sindinauze munthu. Mukudziwa chifukwa?

Mkazi wa alamu anga atabereka, anayamba kumangolira popanda wom'menya. Achibale anakhala pansi, nati mutu wasokonezeka, natenga khanda kupita nalo kwa agogo ake ku Chipata "kuti mayi apumule". Mwanayo anabwerako akuyenda, akuthawa amayi ake omwe. Ine ndinaona ndi maso angawa. Ndiye apongozi akaimba foni, ndimaseka mokweza: tili bwino, tili bwino kwambiri!

Tibwerere m'basi muja. Titafika m'tauni, mayi wansomba uja anatsika nane, pamene ulendo wake unali usanathe. Anandikokera pakhonde la sitolo.

"Bwela kuno, mwana wanga. Welama."

Anam'masula Tiza, kum'khazika kumsana kwanga, kukoka chitenge mpaka ndinati mayo.

"Manje imilila. Osakamba. Wamvela?"

Ndinamva. Kamimba kake kakukwera, kakutsika, pamsana panga penipeni. Kampweya kofunda pakhosi.

"Ise sitiona na maso, timvela na msana. Uganiza tinali kugulitsa bwanji pa maliketi?" Kenaka anatsitsa mawu. "Koma iwe, nkhani si chitenge. Mantha aya ni matenda, monga chabe malungo. Ine pa mwana wachitatu n'nali kubisala mu bafa kulila, bana bagogoda pa chitseko. Uza bamuna bako. Ku sikelo uza ba nesi. Uzauma monga tunsomba twa kapenta, mwana akali kuyamwa!"

Anandimenya paphewa, nkuthamangira basi ina. Ngakhale dzina sindinafunse.

Pobwerera ndinkaganiza. Ife timakonda makanda, zimenezo palibe angatsutse. Mayi akabereka timabwera ndi sopo, ndi chitenge chatsopano, kumulanda mwana m'manja, kukangana kuti mphuno ndi ya ndani. Kusikelo mwana amayezedwa, tonse kusuzumira ngati wanenepa. Nanga mayi? Funso lake ndi limodzi: mkaka ukutuluka?

Akati ndatopa, timati tonse tinabereka. Akati ndikuopa, timati limba mtima, pemphera. Kupemphera ndimapemphera, anthuni. Koma malungo timapemphera tikumwa mankhwala, si choncho?

Ndiye pa foni aliyense akumwetulira, mwana wavala zofanana ndi amake. Inenso ndinaikapo chithunzi chotero, misozi nditangopukuta kumene. Mwina amene anachiona anadziona ngati wolephera ndi iyeyo.

Madzulo ake bambo a Tiza atabwera ku Emmasdale, kumene amamata matayala, sindinadikire kuti asambe. Ndinanena zonse mothamanga, osapuma, Tiza nditam'gwira zolimba. Ndinamaliza ndi kuti, "Koma osamupeleka ku Chipata, napapata."

Ine mtima m'mwamba, ndikuyang'ana pakamwa pawo.

"Amake Tiza, ine n'nali kuganiza ati wanizonda. Nikagwila mwana, unichotsa. Nikakamba, uyangana mwana." Anapukuta manja pa ovolosi. "Ku Chipata kuyenda ndani? Leta chitenge."

Anam'bereka okha, mfundo yokhota, mwendo umodzi wa mwana uli lende. Azimayi apampopi kufa nazo nseko. Iwo osasamala, kuzungulira pabwalo ngati alonda. "Iwe nkala pansi udye. Nili pa shifiti."

Ndinadya. Ndinadzuka kukam'suzumira, sindinama, koma ndinadya mpaka kumaliza.

Sindinachire ayi. Chala chikupitabe pamphuno. Koma tsiku la sikelo tikupita awiri, ndipo bambo a Tiza akuti ndikachita manyazi pamaso pa anesi, ayamba ndi iwo kulankhula. Apongozi tiwauza tonse pamodzi, Tiza ali pamiyendo panga.

Tsono inu amayi athu, apongozi athu, azakhali athu okondedwa, amene mumakwera mabasi ausiku wonse kudzaona mdzukulu: mtsikana wanu akadzalimba mtima nkukuuzani kuti m'mutu mwake simuli bwino, mudzam'landa mwana, kapena mudzakhala naye pamphasa?