Tsiku Limene Laputopu Yanga Inakana Kuyaka Pamaliro

Nkhani iyi ndakhala nayo m'mimba zaka zingapo, ndipo inu amene mukuwerenga musayese kuti ndi zopeka zokometsera macheza, zinandichitikira ine ndemwe, masanasana dzuwa likuswa mtengo, anthu atadzaza bwalo. Mayina sinditchula chifukwa eni ake alipo, ena mwa iwo timaphonyana pa Mitundu tsiku lililonse la msika.

Ine ndili ndi kashopu pa Mitundu pomwepa, ntchito yanga ndi kujambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe komanso kuikira anthu nyimbo m'mamemore khadi. Makhadi a anthuwa amabwera ndi mavayirasi, ndipo anali atandiliza kangapo konse, moti msuweni wanga wamkazi amene amakonza makompyuta m'tauni anandimvera chisoni n'kundiikira pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta yotchedwa Linux pambali pa Windows mu laputopu imodzi yomweyo. Anandilangiza kuti za nyimbo ndizichitira ku Windows, koma mavidiyo ofunika ndiziwasunga ku Linux kumene tizilomboto sitifikako. Choncho ndikayatsa pamayamba pabwera kamndandanda kondifunsa kumene ndikufuna kulowa, ndipo kapulogalamu kofunsako akuti dzina lake ndi GRUB. Dzinalo ndinalimva tsiku limene ankaikalo, koma ndinalibe nalo ntchito, pajatu chinthu chikamayenda bwino ndani amafunsa dzina lake?

Tsiku lina kunabwera mkulu wina wa kwathu konkuno, amene anakwatira ku Nathenje n'kukhala kumeneko pachikamwini zaka zambirimbiri. Ankachokera kuchipatala, ataonda, jekete ikuwalendewera. Anandipempha kuti ndiwajambule akulankhula, ndipo atakhala pabenchi chipewa chili pabondo ananena mosazungulira kuti akadzamwalira adzaikidwe ku Nathenje pafupi ndi ana awo awiri amene anatsogola, asadzawanyamule kubwerera kuno kwa amayi awo monga mwambo umanenera za mkamwini. Atatha anandiuza kuti ndisunge ndekha, ndisapatse aliyense mpaka atatsikira kulichete, chifukwa sankafuna mkangano akali ndi moyo. Amene ankadziwa anali akazi awo okha. Ndinasunga ku Linux n'kuiwala.

Patapita miyezi Windows inayamba kudandaula kuti malo atha. M'malo mofunsa msuweni wanga ndinaonera pafoni mmene amadulira diski yosungira zinthu mu kompyuta, ndipo ndinadula chigawo chimodzi pakati kuti ndipeze poika nyimbo zatsopano. Zinatheka bwinobwino, ndinadzitama mumtima kuti nanenso ndine katswiri, ndinazimitsa n'kupita kunyumba.

Mmawa wake ndisanatsegule n'komwe shopu panaima njinga yamoto. Anali mwana wa mlongo wawo wa mkulu uja, munthu wa ukali amene kwathu akalankhula palibe amabwezera. Anandiuza kuti atsibweni ake amwalira, akuchimuna apita ndi lole kukatenga maliro koma akuchikazi akukaniza ati pali vidiyo imene ili ndi ine, ndiye ndinyamule makina anga tipite. Tili m'njira, pa msewu wafumbi uja wodutsa m'minda, anachepetsa liwiro n'kuyamba kundikumbutsa kuti amayi anga ndi a m'mudzi umodzi ndi iye, ndipo kuti nanenso tsiku lina ndidzafuna anthu ondikumbira manda. Kenako osatembenuka anangoti, "Makinatu amawonongeka, mphwanga, palibe angakudabwe."

Ndinkadziwa zimene zili mu vidiyo ija, ndipo iyenso anali atazinunkhiza.

Titafika tinapeza lole itaima chotembenukira kumene inachokera, adzukulu atakhala pansi pa mtengo ndi makasu awo asanayambe kukumba chifukwa palibe anali atawauza chochita, amayi akuimba m'nyumba ya siwa koma mawu ali otopa. Akuluakulu anagwirizana kuti vidiyo ayambe aonera anthu atatu, mayi wamasiye, mwana wawo wamwamuna woyamba, ndi uja anandinyamula. Anatilowetsa m'kachipinda kosungira matumba a chimanga, khoma limodzi ndi kumene kunagona malemu, kazenera kamodzi kakang'ono m'mwamba, malata akuotcha pamutu.

Ndinaika laputopu pa thumba n'kuyatsa. M'malo mwa kamndandanda kaja panabwera sikirini yakuda bii, mawu achingerezi oti chinachake sichikupezeka, ndipo pansi pake panalembedwa grub rescue, kamzere kakuphethira pambali. Ndinazimitsa n'kuyatsanso, chimodzimodzi. Kachitatu, chimodzimodzi. Anthuni, thukuta limene linatuluka pamenepo silinali la kutentha kwa malata kokha. Uja anandinyamula anangotsokomola pang'ono n'kupinda manja, ndipo mwana wa malemu anamuyang'ana, n'kundiyang'ana ine, n'kukumbukira kuti tabwera pa njinga imodzi. Ananyamuka, anatseka chitseko n'kukhala pansi atachitsamira, ndipo ananena motsitsa mawu kuti ndagulidwa, ndafufuta mawu a bambo ake, ndipo muno simutuluka munthu mpaka bambo ake atalankhula.

Nkhani pamaliro sichedwa kuyenda. Posakhalitsa ndinayamba kumva mapazi kuseri kwa khoma, anyamata a m'mudzimo akuunjikana pansi pa zenera, wina akunena kuti angowapatsa iwowo wa makinayo amufunse bwino. Inu mukudziwa kufunsa bwino kumene amanena anyamata okwiya. Ndinayesa kufotokoza kuti ndinajambula ndine ndipo ndikhoza kunena pakamwa zimene malemu ananena, koma ndani akanandikhulupirira? Akuchikazi ankandiona ngati wogulidwa, akuchimuna akanati ndikunama pofuna kudzipulumutsa. Mayi wamasiye anangokhala pa mkeka atafunda chitenje kumutu maso ali pa sikirini yakudayo, ndipo kuyang'ana kwawoko kunandipweteka kuposa mawu a mwana wawo.

Ndinapempha kuti ndiimbire foni amene anandiikira pulogalamuyo. Netiweki m'chipindamo munalibe, mpaka nditakwera pamwamba pa matumba n'kukweza foni pakazenera paja, pomwe ndinkaona mitu ya anyamata aja pansi. Msuweni wanga atayankha anayamba ndi chipongwe chake cha pachisuweni, ati ine mwamuna wake ndakumbuka liti kuti ndili ndi mkazi m'tauni, koma atamva zimene zandigwera anasiya nthabwala n'kundifunsa chimene ndinachita komaliza. Nditaulula za kudula diski anapuma kaye, n'kunena kuti safunsa anadya phula, koma ndisalire chifukwa vidiyo sinafufutike. Anandifotokozera kuti kapulogalamu kaja kanauzidwa nambala ya chigawo chimene Linux ili, tsono ine powonjezera chigawo china ndasuntha manambala, ndiye kakugogoda pakhomo polakwika ngati mlendo amene anauzidwa nyumba yachinayi pamdadada pomwe pakati amangapo ina. Ntchito yathu inali yoti tipeze khomo lenileni n'kukalozera.

Apa ndiye panayambika chintchito chokwera ndi kutsika. Amandiuza cholemba ndili pamwamba pa matumba, nditsike ndikalembe, ndikwerenso kukamuuza zimene zatuluka, ndipo nthawi zina ndikakwera ndimapeza netiweki yathawa. Ndinalemba zilembo ziwiri, ls, ndipo panatuluka mndandanda wa zigawo zisanu ndi chimodzi zokhala ndi manambala m'mabulaketi. Anati ndiyese chimodzichimodzi. Choyamba chinakana, ati sichikudziwika. Chachiwiri chinakana. Chachitatu chinakananso, ndipo nthawi yomweyo kanyali ka batire kanayamba kuphethira kofiira, m'mudzi mopanda magetsi, chaja ili m'thumba koma yopanda pobaya. Kunja woyendetsa lole analiza injini kawiri pokumbutsa kuti dzuwa likupita, ndipo uja anandinyamula ananena mokoma mtima kuti tisavutitse mwana, zinthu zikawonongeka zawonongeka, tingotsata mwambo. Mwana wa malemu anayankha kuti pachitseko sachoka.

Chachinayi chinakana. Nditalemba chachisanu panatuluka mayina a mafoda, ndipo msuweni wanga atamva anakuwa pafoni kuti ndi chomwecho. Ananditumizira mizere inayi pa meseji kuti ndikopere ndendende, iwiri yolozera chigawocho, iwiri yodzutsira kamndandanda kaja. Ndinalakwitsa kawiri, thukuta likudonthera pa mabatani, foni ili kumanzere ndikuwerenga chilembo chimodzichimodzi ngati mwana wa sitandade wani. Nditalemba liwu lomaliza n'kudina, sikirini inathima kaye, kenako kamndandanda kaja kanabwera, Linux pamwamba, Windows pansi.

Tsono apa ndi pamene pali chimene sindinauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga. M'chipindamo palibe ankadziwa kusiyana kwa mizere iwiriyo koma ine ndekha. Ndikanalowa ku Windows kompyuta ikanayaka bwinobwino pamaso pa onse, ndikanatsegula mafoda onse mmodzimmodzi iwo akuona, vidiyo osapezeka, chifukwa Windows siona zimene zili mbali inayo. Ndikanati kuwonongeka kuja kwadya vidiyo, aliyense anaona ndi maso ake mmene ndinavutikira, ndipo ndikanabwerera kwathu ndili mwana wabwino wa m'mudzi. Uja anandinyamula anali ataima kumbuyo kwanga, mpweya wake ndikuumva pakhosi. Pansi pa kamndandandako pamakhala manambala owerenga chobwerera kuyambira pa khumi, ndipo ukapanda kukhudza batani lililonse kompyuta imalowa yokha mzere wapamwamba. Chala changa chinali pamwamba pa batani lotsikira pansi. Ndinaona seveni, ndinaona faifi, ndikuganiza za amayi anga ndi anthu amene adzawaike, ndikuganizanso za mkulu uja ndi chipewa chake pabondo. Sindinadine ndipo sindinachotsepo chalacho, ndinangouma. Manambala anatha, Linux inayamba kulowa yokha.

Vidiyo nditaitsegula mawu a malemu anadzaza kachipindako, akutsokomola kaye n'kutchula mudzi wawo ndi wa akazi awo, ndipo amayi amene ankaimba kuseri kwa khoma anasiya nyimbo pakati atazindikira mawuwo. Mayi wamasiye anakwawa kufika pafupi, anagwira m'mphepete mwa sikirini ndi zala ziwiri, ndipo malemu atafika ponena za ana awiri aja anangoti, "Ndimanama ine?" Sankafunsa aliyense wa ife. Mwana wawo anachoka pachitseko n'kukaitana akuluakulu a mbali zonse, tinaibwereza kachiwiri, ndipo batire inathera pomwe malemu anali atangomaliza kunena kumene akufuna kugona. Adzukulu ananyamula makasu awo. Lole inabwerera yopanda bokosi, uja anandinyamula ananyamuka pa njinga yake osandiyang'ana n'komwe, ndipo ine ndinabwerera pa minibasi kuzungulira m'tauni, laputopu ndaikumbatira pachifuwa.

Msuweni wanga anadzaikonza bwinobwino sabata yomweyo kuti isamasocherenso. Ku Nathenje mpaka lero akandiona amandipatsa mpando, ati ndine munthu wolimba mtima amene sanaope abale ake. Kwathu kuno uja anandinyamula sandipatsa moni, ndipo amayi anga anandifunsa kamodzi kokha chifukwa chimene ndinawachititsira manyazi, osabwerezanso. Ena amati malemu ndiwo anatseka kompyuta ija kuti aone mitima ya anthu, koma ine zimenezo sindizikhulupirira, inatsekedwa ndi dzanja langa lomwe dzulo lake chifukwa chodziyesa wodziwa. Chimene ndimakhulupirira n'chakuti ulemu umene amandipatsa ku Nathenje si wanga. Msuweni wanga akanakhala kuti anaika Windows pamwamba tsiku limene ankakonza kamndandanda kaja, mkulu uja bwenzi atagona kumene anakana, ine ndili phee, ndipo ndikaganiza zimenezi ndimachita mantha kuposa mmene ndinachitira ndi anyamata a pazenera aja.

Ndiye inu anzanga a makompyuta okhala ndi mbali ziwiri, musamadule diski musanakopere zinthu zanu pena ndiponso musanafunse amene anakuikirani. Ndipo inu akuluakulu amene muli ndi mawu okhudza maliro anu, itanani akuchimuna ndi akuchikazi mukadali ndi mpweya, muwauze pamaso, akwiye muli pomwepo. Musasiye mawu otere m'manja mwa munthu mmodzi ngati ine, chifukwa tsikulo likadzafika adzakhala ndi mantha, adzakhala ndi abale ake oti awaganizire, ndipo mwina chala chake chidzadina.