Zimene Che Fikirini Anamva pa Zenera

Che Fikirini ndawadziwa kwa zaka makumi atatu, ndipo sindinganame kuti ndi munthu wokoma kucheza naye. Amazinga mbuzi pa Lirangwe, kuseri kwa msika. Dzanja lawo lamanzere lilibe chala chachikulu. Chinapita ndi chikwanje akadali mnyamata. Kasitomala akadandaula kuti mafupa achuluka, iwo amalanda nyamayo n'kumuuza kuti akagule bonya. Kunyumba nakonso zinali zomwezo. Akangotsokomola pachipata, ana ankazimitsa wailesi.

Mwana wawo wotsiriza, Tahira, atalephera mayeso a Fomu 4, bambo akewo anamunyoza pamaso pa anthu, amvekere bola mbuzi imasiyako chikopa. Sabata yomweyo mtsikanayo anadzivulaza ndi mpeni wa bambo ake omwe. Anapulumuka. Kuchipatala anamupereka m'manja mwa mayi Akuzike, mlangizi wa anthu ovutika maganizo. Ali chigonere, Tahira anapempha chinthu chimodzi: bambo ake azimuperekeza kwa mlangiziyo Lachinayi lililonse, ndipo asadzamuletse zivute zitani. Che Fikirini analumbira. Nkhani yonse anaikwirira. Kwa anansi ankati mwana anagwera palata. Kumzikiti sananene kanthu.

Chaka chatha, dzuwa la Okutobala lili pachimake, alangizi a m'zipatala zosiyanasiyana anasonkhana pa loji ina kufupi ndi bwalo la ndege ku Chileka. Onsewo amatsata njira imene eni ake amaitchula ndi zilembo zitatu, DBT, yophunzitsa munthu kupirira mkwiyo ndi chisoni popanda kudzipweteka. Poti ena mwa iwo anali Asilamu, mwini loji anaitanitsa nyama yozingidwa bwino. Che Fikirini anamanga mbuzi yosenda panjinga yamoto n'kutsetsereka nayo ku Chileka, osadziwa kuti akukadyetsa ndani.

Alangiziwa ali ndi mwambo wawo. Amakhala mozungulira, aliyense n'kufotokoza nkhani imene yamukanika, anzake n'kumugawira nzeru. Lamulo n'lakuti dzina la wodwala lisatchulidwe. Iwo amaona ngati dzina likabisika ndiye kuti munthunso wabisika. Kaya m'tauni zimatheka.

Che Fikirini anaima pakhomo la khitchini kudikira kuti awabwezere beseni lawo. Mazenera a holo anali chitsegukire chifukwa cha kutentha. Ndege ina itangodutsa phokoso n'kutha, anamva mawu amene ankawadziwa.

"Wanga ndi mtsikana wa mbali ya ku Lirangwe," anali mayi Akuzike. "Dzina ndisunga. Bambo ake amazinga mbuzi, ndipo mpeni umene anadzivulaza nawo ndi wa ntchito yawo. Mwanayu akusintha ndithu, koma akafika kunyumba zonse zimagwa. Bambowo akakwiya amamuloza ndi dzanja lawo lopanda chala, iye n'kuuma thupi lonse."

Wophika wa palojipo, Dyson, kwawo ndi kwa Kuntaja ndipo nyama amagula pa Lirangwe pomwepo. Anasiya kudula anyezi. Anayang'ana dzanja la Che Fikirini, kenako anayang'ana pansi.

M'makutu mwa Che Fikirini munalira ngati chigayo. Mpeni unali m'chiuno, ndipo dzanja linafika pachigwiriro lokha. Pafupi ndi phazi lawo panali beseni la madzi ozizira kwambiri, loziziritsira zakumwa za alendo. Kunyumba Tahira akaona kuti mtima wamuthawa amamiza nkhope m'madzi ozizira, monga anamuphunzitsira mlangizi, ndipo bambo ake ankamuseka kuti wasanduka bakha. Tsikuli anagwada okha, anakankhira mabotolo kumbali n'kumiza mutu. Atadzuka anasolola mpeni uja n'kuuponya patebulo la Dyson.

"Sunga. Ndikaufuna usandipatse."

Analowa m'holo madzi akuchucha m'ndevu. Wapampando, a Greyson, anawaimitsa ndi dzanja.

"Madala, zakumwa ikani panja, tikadali mkati."

"Zakumwa za amako? Ine ndine mbuzi imene mukusenda muno." Anakweza dzanja lamanzere lija kuti onse alione. "Nali dzina limene mwabisalo. Pa Lirangwe pali ozinga mbuzi angati opanda chala? Yankhani, inu a sukulu!"

Mayi Akuzike anaimirira.

"Che Fikirini, ndalakwa. Ndinayenera kubisa zonse, osati dzina lokha. Ndikamuuza Tahira ndekha."

"Mukamuuza? Inu pakamwa panu mpotsekeka ngati? Ine ndinanamiza m'bale wanga weniweni, ndinanamiza shehe, kuti mwana wanga asalozedwe zala pamsika. Inu mwamuyanika pazenera ngati chikopa, kuti anzanuwa akuombereni m'manja!"

"Sindimafuna m'manja. Ndimafuna nzeru, chifukwa ndikuopa kuti mwanayu tidzamutaya. Kulakwa ndalakwa. Komanso zimene ndanenazi si bodza. Mwana wanu amakuopani."

"Mayi, khalani pansi," a Greyson ananong'ona.

"Asiyeni amalize kundisenda," anatero Che Fikirini. Mawu akuti mwana wanga simudzamuonanso anali atafika kale pamlomo. Anawatafuna, osawatulutsa. Analavula pansi, pa simenti yopolishidwa ija, n'kutuluka. Beseni lawo analisiya komweko.

Dyson si munthu wosunga nkhani. Pofika madzulo, azimayi ogulitsa tomato pa Lirangwe anali atadziwa kuti panalibe lata lililonse. Che Fikirini sanadikire kuti mwana amvere kumsika. Anamuitana kuseri kwa nyumba n'kumuuza zonse, mosakometsa, mpaka za kumiza mutu m'beseni.

Tahira analira nthawi yaitali. Anatukwana mlangiziyo mawu amene bambo ake sankadziwa kuti amawadziwa. Iwo mumtima anati basi zatha, mwanayu nayenso watopa naye mlangiziyo.

Atapukuta maso, Tahira anafunsa, "Ndiye inu mwati chiyani kwa iwowo? Mwandiletsa?"

"Sindinanene."

"Lachinayi ndi mkuja, ababa. Ndikufuna ndikawafunse ndekha chifukwa chake."

Mayi Akuzike mpaka lero Che Fikirini sanawakhululukire. Akakumana pamsewu amayang'ana kumbali, ndipo moni wawo sayankha. Loji ija siidzalawanso nyama yawo. Pamsika akadali munthu waukali yemwe uja, ndipo wina atayesa kufunsa za mabala a mwana wawo anathamangitsidwa ndi mwendo wa mbuzi. Koma Lachinayi lililonse amatseka butchala, makasitomala ali pamzere, n'kukweza Tahira panjinga. Akafika kuchipatala amakhala pansi pa mtengo wa mango, atafulatira chitseko cha mlangizi, mpaka mwana wawo atatuluka.