Masitepe a Ukwati wa Mlongo Wanga

Mlongo wanga atatsala pang'ono kukwatiwa, anandiika pamzere wa operekeza akwati. Kwathu ku Bangwe ukwati umayambira pa masitepe. Madzulo tinkasonkhana kuseri kwa tchalitchi, sipika ili pampando, fumbi lili koboo, kuphunzira kavinidwe kolowera m'holo.

Mayi wotiphunzitsayo ankagawa anthu awiriawiri poona msinkhu basi. Anatindandalika ngati mabotolo n'kumaloza: "Iwe ndi iwe." Ine anandipatsa mtsikana yemwe anandisiya chaka chomwecho n'kutengana ndi dalaivala wa minibasi. Ndinamenyetsa chipewa pansi.

"Ine ndiye ayi! Bola ndivine ndi mpando."

Mlongo wanga anandikokera pambali. "Achimwene, masuti tasoketsa kale. Mukachoka mzere upunduka, akuchimuna atiseka. Ukali wanuwo muziusiya kunyumba."

Nyimbo yolowera inali ya Chipwitikizi, yozizira bwino, ya ku Mozambiki. Palibe ankamva mawu ake, tonse tinkangoti ndi ya chikondi chokoma. Tsiku lina malume anga, omwe anakulira ku Nsanje n'kukagwirako ntchito padoko ku Beira, anabwera kudzaonerera. Nyimbo itangoyamba, anaseka mpaka kutsokomola, n'kundikodola.

"Mphwanga, akwati mukuwalowetsa ndi maliro? Mwamunayu akulira. Akuti mkazi anamulonjeza zonse, lero akumudutsa pamsewu ngati sakumudziwa."

"Malume, ndiye akuimba za inetu!"

"Ndiye uvine bwino, nyimbo ndi yako. Koma mlongo wako asamve, nthawi yosintha inatha."

Mawa lake titagwirana manja, ndinamunong'oneza mtsikana uja madandaulo onse a woimbayo. Ndinkafuna zimubaye. Iye osatekeseka n'komwe.

"Nanga mkaziyo anamupatsa mpata woti aimbeko mbali yake? Mwina mwamunayo ankakalipa ngati iwe. Phazi lamanzere, ukundiponda."

Ndinatsala pang'ono kumukalipira, koma nyimbo inali itafika potembenukira, ndiye ndinatembenuka. Pobwerera ndinangopezeka ndikuseka.

Tsiku la ukwati tinalowa m'holo mano onse pamtunda, mnzanga wa ku Mozambiki akulira m'sipika, azimayi akuimba nthungululu. Malume, atakhala kutsogolo, ankapukuta misozi ya phwete, anthu n'kumati ukwati wa mphwawo wawakhudza. Sindinaphonye sitepe ngakhale imodzi. Mlongo wanga, ali m'velo, anandigwedezera mutu.

Mtsikana uja anapita ndi dalaivala wake, yemwe ankaliza hutala pageti ngati akuitanira anthu a ku Limbe. Ine ndinavula jekete n'kuyamba kusonkhanitsa mipando, ndikuimba nyimbo yomweyo ndi mluzu. Mpaka lero ikalira m'minibasi mtima suwawa ayi, koma phazi lamanzere limayamba lokha.