A Jailosi Apepesa Maliro ku Al Quoz

Malemu achimwene anga a Jailosi, amene anatisiya chaka chathachi, anali munthu woti akamva kuti kwinakwake kwagwa zovuta, ngakhale ali m'bafa, amatuluka ndi thovu kumutu. Mtima umenewu unangotsala pang'ono kuwabweza kumudzi atangofika kuno ku Dubai.

Ntchito anaipeza ku Al Quoz, kwa mkulu wina wa ku China, a Lin, wopanga lubani wa timitengo. Amatenga timitengo ta nsungwi, kuviika m'madzi, kugubuduza mu ufa wa mitengo yonunkhira, kukutumula, kuviikanso, mpaka kamtengo kanenepe. Achimwene ntchito yawo inali yoyanika lubaniyo padenga ndi kuanula msanga, poti dzuwa la kuno likapitirira, lubani amang'ambika ngati zidendene. Anali akadali pa mwezi woyesedwa.

Tsiku lina atayanika anatsika kukamwa madzi. Anapeza a Lin atagwada pa chithunzi cha gogo wina, lubani akufuka, malalanje ali pambale, maso atafiira.

"Bwana, amenewa ndi ndani?" anafunsa m'Chingerezi chawo chothyokathyoka chija.

"Bambo anga. Anamwalira."

Achimwene anavula chipewa. Munthu n'kufedwa yekhayekha kudziko la eni, wopanda ngakhale womuterekera tiyi? Anayamba kuimbira a Malawi anzathu za malirowo, foni mpaka kutentha. Linali Lamulungu, tsiku limene amayi ogwira ntchito m'nyumba za ku Al Warqa amapuma. Pofika masana anatulukira amayi a kwaya ndi mtsogoleri wawo a Matildah, zitenje m'chiuno, shuga ndi buledi m'manja. Anakhala pansi pakati pa makatoni n'kuyamba nyimbo. A Matildah, amene a Lin sanawaonepo chibadwire, ndiwo analira kuposa onse.

A Lin anatuluka mu ofesi.

"Jailosi, anthuwa akufuna kugula chiyani?"

"Sakugula, bwana, abwera kudzakhala nanu. Kodi thupi lili chipatala chiti?"

"Thupi? Anamwalira ine ndili mnyamata. Lero ndi tsiku longowakumbukira."

Nyimbo inadukira pakati. A Matildah anapukuta misozi ndi chitenje.

"A Jailosi, mwatiliritsa maliro a makedzana? Ine tsitsi ndalisiya loluka mbali imodzi."

Apa m'pamene achimwene anakumbukira zapadenga. Anakapeza lubani yense atang'ambika, wina atapindika ngati mbedza. Anatsika naye m'manja, mtima uli kale pa ndege yobwerera.

A Lin anayang'ana lubani uja, anayang'ananso amayi aja. Kenako anati bambo awo ankakonda khamu la anthu, ndiye nyimboyo aimalize bwinobwino. Itatha, anagawa malalanje n'kutembenukira kwa achimwene.

"Iwe, padenga khalas, basi kwatha. Kuyambira mawa uzigubuduza ufa mkati muno, pamene ndikukuona. Foni uzisiya kwa ine."

Anagubuduza ufawo mpaka matenda atawagwetsa. Akamabwera kudzandiona, ndinkamva fungo la lubani asanagogode. Jekete lawo ndili nalo, ndipo sindinalichape.